Nyenyezi Yamanzere

Lolemba, 9 Juni

Alamu anga, amuna a achemwali anga, andibera. Ndalemba pamwamba penipeni kuti ndikadzakalamba ndisadzaiwale n'kuyamba kuwasekerera.

Muno ndiziwatcha a Inj., poti eni ake amafuna tiziwaitana kuti Injiniya. Satifiketi yawo ya miyezi isanu ndi umodzi anaipachika m'galaja ya Ababa, pamwamba pa vayisi. M'galaja monse zinthu zomwe sizinakhudzepo girizi zilipo ziwiri: satifiketiyo ndi manja awo.

Nkhani ili apa. Kampani ya maboti onyamula anthu yatopa ndi namasupuni. Udzu umenewu ukakulunga propela injini imabanika, boti n'kuima pakati pa madzi ngati lakumbukira maliro. Ndiye analengeza kuti makanika yemwe apeze njira amulemba ntchito kumalo awo okonzera mainjini. Malo ndi amodzi. Ine miyezi inayi ndakhala ndikusema kanthu kanga: kampeni ka nsonga zisanu komanga kumapeto kwa shafiti, kuti kazizungulira ndi propela n'kumadula udzuwo usanakulunge. Ndinakatcha Nyenyezi. Zitatu zinakanika. Yachinayi inadula chingwe cha nayiloni m'diramu la madzi ngati ikudula anyezi.

Lero m'mawa ndikufuna kope langa lojambulamo, palibe. Masana achemwali akutulukira, mano onse panja. "Wamva? Alamu ako akayesa makina awo Lachisanu, akampani avomera." Makina awo! Ndafunsa dzina la makinawo. Akuti Nyenyezi.

Ndi dzina lomwe, Mulungu wanga. Ngakhale wakuba nkhuku amasiyako nthenga.

Lachiwiri, 10 Juni

Ababa ndawapeza akuphwasula kabureta. Ndati, Ababa, kope langa lili kwa a Inj., ndipo inu mukudziwa. Sanadzutse mutu. Akuti ndiwapatsire sipanala ya teni. Ndawapatsira ndi dzanja langa la masiku onse.

"Dzanja!"

Zaka makumi awiri ndi zitatu akadakuwabe "Dzanja!" Ndinabadwa wamanzere, aphunzitsi anathyolera marula awiri pa zala zangazi koma sizinasinthe, mpaka dzina langa lenileni linafa, ndinangokhala Namanzere. Kupereka sipanala ndi lamanzere ndi mwano. Kupereka kope la mwana wako kwa mkamwini ndiye ulemu.

Atapukuta m'manja ndi pomwe ayankhula. "Mkulu wako ali ndi pakati. Mwamuna uja chaka chatha asakugwira ntchito. Ikalowa m'nyumba mwawo ndiye kuti yalowa m'banja. Iwe ukadali mwana, udzapanga zina."

Ndati zina ziti, zoti adzabenso?

Akuti pakamwa pangapa ndi pomwe pakuthawitsa amuna. Ndati athawe ndithu, bola asiye makope.

Chikundipweteka n'chakuti Ababa ndiwo anandiphunzitsa kusema chitsulo. Usiku woyamba... ayi, linali Loweruka masana, tsiku lomwe yachinayi inadula chingwe chija, anavula kapusi n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndimayesa akusekera ine. Kani amasekera mkamwini.

Khoswe wakhala pamkhate. Ukamuponya mwala uswa mimba ya achemwali ako.

Lachitatu, 11 Juni

A Inj. lero avala ovolosi. Yatsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe. Atsegula kope langa pabenchi langa, ine ndili pomwepo, n'kuyamba kusema Nyenyezi yawo. Yanga yeniyeni sanaipeze, ili m'chitini cha penti pansi pa bedi.

Ndimasesa, koma diso lili kumeneko. Nsonga zisanu akopera bwino, kukopera ndiye amakutha. Atafika pa mathiredi, timizere tomwe Nyenyezi imapotera pomanga, aima. Ayang'ana kope, alitembenuza chadodolido, aseka. Kenako akuuza Ababa mokweza kuti ndimve: "Madala, taonani, mwanayu mpaka mathiredi wajambula chamanzere! Mwayi wake zagwera m'manja mwa munthu wodziwa. Ndakonza."

Akonza. Tsache linangotsala pang'ono kundigwa m'manja.

Ndilembe pano kuti ndisadzadzikayikire. Nati iliyonse padziko imamangira kumanja. Propela nayo imazungulira chakumanja, ndiye udzu ukagwira Nyenyezi umaikokera chakumanzere, komwe nati wamba imamasukira. Yoyamba ndi yachiwiri zinathera pansi pa diramu chifukwa cha zomwezo. Ndinalira sabata yathunthu ndisanazindikire kuti mathiredi ayenera kukhala amanzere, kuti udzu ukamakoka, Nyenyezi izilimbirabe. Chinsinsi chonse ndi chimenecho. Zinazo ndi chitsulo chabe.

Ndipo n'chimene a Inj. akonza. Ababa amawotcherera chakumbuyo, sanamve bwino, angoti "Eya, eya."

Ndasesa galaja yonse kawiri. Sinayerepo chonchi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndimati ndikhala chete. Koma achemwali abwera m'mawa, mapazi otupa, andigwira dzanja n'kuliika pamimba pawo kuti ndimve kamwana kakumenya. Akuti, "Usatisungire chakukhosi, mng'ono wanga." Sanatchule kope. Akudziwa.

Ndiye mtima wanga wopusawu wanditumiza kwa a Inj. Ndati, alamu, mathiredi aja bwezerani mmene analili, ikagwa m'madzi imeneyo. Andiyang'ana kuchokera kumapazi. "Alamu, zamanzerezo kathereni kukhitchini. Kuno n'kwa sayansi." Ndabwereza kachiwiri. Akuti nsanje ndi matenda.

Chabwino. Mulungu ndi vayisi ndiwo mboni zanga, ndanena kawiri.

Mawa akuti ndipite nawo, ndikanyamule bokosi la zipangizo, poti ovolosi ingade. Ndinyamula. Chitini cha penti chija chikukwana bwinobwino m'bokosimo.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilembe mwandondomeko.

Padoko tinafika naini koloko. Boti loyesera ndi laling'ono, injini yake ndi ija yopachika kumbuyo. Okwera: woyendetsa, a Inj., Ababa, ine ndi bokosi, ndi mkulu wa mainjini wa kampani, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, wosaseka. Mumtima ndamutcha Magalasi. A Inj. anayamba ndi malankhulidwe. Kuti lingaliroli linawabwerera "atasinkhasinkha mozama za mavuto a anthu". Ine anandilozera ndi chibwano: "Uyu ndi wotithandizira kunyamula." Magalasi anangoyang'ana wotchi.

Tinanyamuka. Pamadzi oyera zonse bwino, a Inj. chifuwa patsogolo ngati tambala wa pachithunzi. Kenako Magalasi anauza woyendetsa kuti alowe pomwe namasupuni wathithikana. Masekondi khumi oyamba inadula ndithu, masamba akuuluka kumbuyo, ndipo ndivomere, mtima unandigunda ndi chimwemwe, poti wobedwa kapena ayi, mwana ndi wanga. Kenako phokoso linasintha. Ndinamva kuti "tchubwi", kakang'ono, kaulemu. Injini inabuula, inatsokomola, zii.

Chete. Achule okha.

Woyendetsa anakweza injini. Propela yavala udzu ngati mtolo wa kudimba. Nyenyezi kulibe.

Magalasi: "Bambo, chachitika n'chiyani?"

A Inj. anayang'ana kumwamba, anayang'ana m'madzi, kenako anapeza pogwira. "Ndi chitsulo, mayi. Madalawa anandipatsa chitsulo chofooka. Mukudziwa amisiri akalewa, zinthu amangoyerekeza."

Mayo ine. Zaka makumi anayi Ababa akusema zitsulo padoko limeneli. Ungawanene kuti ndi aukali, ungawanene kuti ndi okondera, ine ndimawanena tsiku lililonse. Koma chitsulo chawo? Ndinaona khosi lawo likutupa. Anavula kapusi pang'onopang'ono, anaipinda pakati.

"Mayi," anatero, "chitsulo chilibe mlandu. Funsani mwini wake wa chinthuchi. Ndi uyo wakhalira bokosiyo."

Sindinadikire kuti anenenso. Ndinatsegula chitini, ndinatulutsa yanga ndi chomangira chake chomwe cha mathiredi amanzere. Ndinagwada kumbuyo kwa boti, ndinasadzula udzu ndi manja, ndinachotsa chomangira cha a Inj. n'kuikapo changa. Pomanga Nyenyezi, Magalasi anawerama pafupi. "Bwanji ukupotera kumanzere?" Ndinamufotokozera za udzu wokoka. Anagwedeza mutu kamodzi kokha. Kenako: "Nanga boti likamabwerera chambuyo, propela n'kuzungulira kwinako?"

Apo anandigwira. Ndinati imamasuka, mayi. Pakufunika kapini kopingasa, malo ake ndaboola kale awa, koma kapini kolimba bwino sindinakapeze, timene ndayesa timathyoka. Anati, "Hmm." Anatembenukira kwa a Inj. kuwafunsa ngati iwo anaganizapo za kubwerera chambuyo. Iwo akuti inde, kwambiri. Anawafunsa kuti ndiye anapeza zotani. Achule anayankha.

Tinadutsa m'namasupuni katatu, kupita chitsogolo kokhakokha. Yanga sinagwe. Titaikweza inali italimba moti sipanala inachita kufuna manja awiri.

Pobwerera Magalasi anangondifunsa dzina, dzina lenileni, n'kulilemba kuseri kwa kalata yofunsira ntchito ya a Inj.

Loweruka, 14 Juni

Achemwali sakundiyankhula. Atumiza mawu kudzera kwa Amayi kuti ndinachita dala, ndinawachititsa manyazi amuna awo pamaso pa anthu. Ine? Amene ndinanena kawiri? Ndimafuna kupita ndikawawerengere zonse kuyambira pa kope, koma ndakumbukira mapazi otupa aja, ndakhala pansi.

A Inj. akuuza anthu padoko kuti "tinapangira limodzi". Eya. Ine ndinapanga yoyandama, iwo yomira.

Ababa tsiku lonse ali pa kabureta yawo. Ananenadi zoona dzulo, koma ndisadzinamize. A Inj. atabera ine, iwo chete. Atanyoza chitsulo chawo ndi pomwe anakumbukira kuti ali ndi mwana wamkazi. Ndiye kuti pamndandanda wa ana awo chitsulo ndiye chachisamba.

Lamulungu, 15 Juni

Ulaliki unali wa kukhululuka kasanu ndi kawiri kuchulukitsa makumi asanu ndi awiri. Amayi amandigunda ndi chigongono. Abusawo sanaberedwepo kope.

Lolemba, 16 Juni

Foni yochokera kwa Magalasi. Ndikayambe ntchito pa 1 mwezi wamawa, miyezi itatu yoyeserera, ndipo ndikapite ndi yankho la kapini kaja. Sanandiyamikire, sananene kuti ndine wanzeru. Angoti, "Usachedwe." Ndamukonda mayi ameneyu.

Ndalowa m'bafa, ndatsegula mpopi kuti asandimve, ndalira. Theka chimwemwe. Theka linalo ndi la achemwali, poti ntchito ija inali yoti igule matewera, ndipo tsopano ili m'manja mwanga. Ndi yanga, inali yanga chiyambire. Koma kulemera ikulemera.

Lachiwiri, 17 Juni

M'mawa ndili pa vayisi ndikuyesa timapini, ndangoona chithunzithunzi pakhomo. A Inj. Opanda ovolosi. Kope langa ali nalo m'manja onse awiri ngati akupereka chopereka kutchalitchi. Sananene kuti pepani, mawu amenewo pa miyezi isanu ndi umodzi ija sanaphunzitsidwe. Angoti, "Alamu, buku lanu." Kenako, maso ali pansi, akuti popeza ine ndikuchoka, Madala awauza kuti azibwera m'galaja tsiku lililonse, ayambire pa kutsuka mapulagi. Ndiye ngati ndingapeze mpata ndisanapite, ndiwaonetseko mmene amasemera mathiredi amanzere, poti akampani akafuna Nyenyezi zambiri pafunika manja.

Ndati mawa seveni koloko, ndipo abwere ndi ovolosi ija, ikufunika ubatizo.

Kope ndalandira ndi lamanzere. Dala. Ababa anali pomwepo, ndipo ndinadikira kuti akuwe. Anatsegula pakamwa, ndinaona lilime likukonzekera. Anatsekanso. Anatola sipanala ya teni pabenchi, anazungulira vayisi yonse kuti afike mbali inayo, n'kundiika m'dzanja lamanzere. "Kapiniko tayesa chitsulo cha sipoko ya njinga yamoto," anatero, n'kubwerera ku kabureta yawo.

Ndatsegula kope. Patsamba la mathiredi a Inj. anakhwatchapo ndi bolopeni yofiira, n'kulemba pambali kuti "zolakwika". Sinding'amba tsamba limeneli. Mwana wa achemwali akadzakula n'kufunsa, ndidzangoti aphunzitsi ena ake.

Kukhululuka sindinafikepo, mwina chaka chamawa. Koma nkhani ya kope yathera pano. Pakamwa pangapa, pomwe amati sipatseka, sipadzaitchulanso.