Foni ya Atate M'thumba la Unga

Alongo anga ba Tisa,

Moni kwa inu, alamu ndi ana konko ku Solwezi. Kuno tili bwino, Atate okha ndiwo akudandaula mawondo.

Musadabwe kuti foni yawo sinali kugwira. Inagwera m'beseni akusamba m'manja. Anamvapo kuti foni yonyowa amaiika mu mpunga, ndiye poti mpunga munalibe m'nyumba, anaikwirira m'thumba la unga. Pobwera kokonza magetsi a sola ku Nangongwe ndinapeza phala litauma m'timabowo tonse ta foniyo.

Vuto n'lakuti mawu a malemu Amayi, aja tinawajambula akuimba kukhitchini, ali momwemo mokha. Ndinasiya osamaliza makina ofungatira mazira amene ndikupanga, n'kutsegula foniyo, timasikuluwu ndikuika pambale kuti tisasowe. Ungawo ndinkachotsa ndi singano. Atate anakhala pambali panga, chakudya osachikhudza.

Dzulo inayaka, ngakhale galasi lili ndi mizere. Amayi atayamba kuimba m'fonimo, Atate anaseka misozi ili m'maso: "Wamva, Yohane? Amayi ako akali kuthamangitsa nyimbo monga kale."

Foni imeneyi sindikuikhulupiriranso. Chonde tumizani nambala yanu yatsopano, ndikutumizireni mawuwo, nanunso muwasunge. Mulungu akuyang'anireni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Yohane