Utawaleza pakhoma la Fomu 3

Lachinayi. Kunatentha, kunyanja kopanda ndi kamphepo komwe, koma kutopa sindikukumva.

Kusukulu kwathu kunabwera ophunzira fizikisi a ku yunivesite. Mtsikana wina anandipatsa kagalasi ka ngodya zitatu, nati, "Bambo, kaikeni padzuwa likulowera pachiboo cha malatapo." Chiboo chotinyowetsa nthawi ya dzinja chija! Nditakaika, utawaleza unatera pakhoma. Ana onse kukamwa yasa.

Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula zimenezi pabolodi ndi choko choyera, nkumalemba "kufiira", "kubiriwira". Ndinali ndisanazionepo ndi maso angawa.

Asiyatu wa benchi lakutsogolo anafunsa, "Aphunzitsi, inu mumadziwa kale eti?" Ndinati eya. Koma maso anga sankachoka pakhoma pomwe mitundu inkavina.

Mawa kukubwera mmisiri kudzamata denga. Kaya ndimuuza bwanji kuti chiboo chimenecho...