Kamushafuti ya pikiapu yonyamula maliro

Aphungu,

Ndine makaniko wamkazi pa Chiringa pano. Bambo anga atamwalira anandisiyira pikiapu yakale ya ku America, ya chiinjini cha masilinda eyiti. Imeneyi ndiyo imatengera nandolo pa Boma, ndipo maliro a m'mudzi mwathu imanyamula ndi yomweyo.

Chaka chatha ndinakaonera mpikisano wa magalimoto othamanga kamtunda kowongoka ku Blantyre, ndipo chaka chino ndikalowa nawo, zivute zitani. Mlongo wanga Micheal ali ku Joni, wandipezera makamushafuti awiri a rola, aja okankha mavavu a mu injini kudzera pa timawilo. Ina ndi yapakatikati, mpata wa mavavu umadzikonza wokha ndi oyilo. Inayo ndimaitcha chilombo. Ukachimanga, injini ikamalira galimoto itaima imangoti gudu-gudu ngati ikutsamwa, koma ukaiponda moto, mayo ine!

Amalume atamva anandiitanitsa. "Gertrude, galimoto yonyamula zovuta siichita masewera. Ikadzatichititsa manyazi pamaliro, makiyi ndidzalanda." Ine ndinati, "Amalume, pamene ndinkaimasula injiniyi ndi manja angawa, inu munali kuti?"

Ndakwiya, Aphungu. Ndikufuna chilombocho, kuti ndikailiza kuno iwo azimva ali kutali ku Jenala. Za mpikisano musandiletse, sindimva. Mungondiuza, ndigule iti?

G.N., Chiringa

Mayi G.N.,

Kukuletsani? Ndani, ine? Kathamangeni ndithu, amalumewo muwatenge akaombe m'manja. Koma kamushafuti sasankha ndi mkwiyo.

Chilombo chanucho chimasiya mavavu otsegula nthawi yaitali, choncho mphamvu zake zimabwera injini ikamazungulira kwambiri. Pang'onopang'ono sichidziwa kuyenda. Nanga maliro amathamanga? Mumakwawa pa giya wani, amayi a mpingo akuyimba kutsogolo, anamfedwa pambuyo. Pamenepo galimoto idzayamba kudumphadumpha, bokosi likugunda m'mbali, kenako injini zii, anthu onse akuyang'ana inu.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Chimene chimafewetsa buleki yanu ndi mpweya umene injini imakoka. Chilombocho chimachepetsa kukoka kumeneku, ndiye pa liwiro la munthu woyenda pansi mukaponda kawiri katatu, buleki imauma gwa.

Gulani yapakatikatiyo. Injini yaikulu chotere mphamvu ili nazo kale, siifuna kuikakamiza. Muuzeni Micheal abweretsenso masipuling'i a mavavu oyenderana nayo, chifukwa akale amene anasiya bambo anu aja anatopa. Afunsenso wogulitsayo giya ya disitibyuta, chija chogawa moto ku mapulagi, yogwirizana ndi chitsulo cha kamushafutiyo, apo ayi zidzadyana. Musanamange zonse, matani kadongo pamwamba pa pisitoni, mubwezere hedi yovundikira masilinda, muzungulitse injini ndi dzanja, kenako muone pomwe vavu yadinda. Dongolo likaphwanyika mpaka kupyapyala, musailize injiniyo, vavu idzamenya pisitoni.

Mukamaliza, pakirani matumba a nandolo, mupeze malo otsetsereka opanda anthu, mutsike mokwawa uku mukuponda buleki mobwerezabwereza. Ikagwira bwino pamenepo, pitani ku Blantyre mutadzutsa mutu.

Koma ndikuchenjezeni, mayi. Mukagonja pa mpikisano mudzabwererako chaka chinacho. Buleki ikadzakana amayi onyamula nkhata ali kutsogolo kwanu, amalume sadzavutika n'kulanda makiyi. Mudzakawatula nokha.

Aphungu