Kathumba ka Mswaki

Wokondedwa mlongo wanga Magweru,

Assalamu alaikum. Dzinalo usakwiye nalo. Ndikudziwa kuti tsopano ndiwe bambo wa ndevu zako, koma kwa ine ukadali kamwana kaja kankaseka ndi nkhama zokhazokha.

Kodi muli bwanji kumeneko? Alamu anga ndi ana akudzuka bwanji? Nanga msana unkadandaula uja unapola, kapena ukungokwerabe chilole chako chija ukubuula? Kuno tilipo, Alhamdulillah. Alamu ako ali bwino, ana akupita kusukulu, ndipo makina a Bambo akulirabe m'shopu muno monga kale, kungoti lamba ndasinthanso.

Za Bambo ndiye zandigwiritsa cholembera. Pa foni ndimangoti ali bwinoko chifukwa amakhala ali pambali panga, ndipo makutu awo sanakalambe. Zoona zake n'zakuti sali bwino, mlongo wanga.

Ukukumbukira kathumba kaja? Malaya alionse, mkanjo ulionse umene Bambo ankasoka, ankaikapo kathumba kowonda ngati chala pambali pa thumba lalikulu. Makasitomala ena ankayesa n'ka cholembera. Wogulitsa nyama wa moyang'anana nafe uja anayamba kuikamo ndudu, ndipo tsiku limene anabweretsa malayawo kuti amuikire batani, Bambo anakasoka kathumbako n'kukatsekeratu. Munthu uja anadandaula mwezi wathunthu. Bambo ankangomuyankha kuti nyumba ya mswaki sachititsa lendi.

Ndikatseka maso ndimationa tili pa sitepe ya kuseri, pafupi ndi mpopi, nthawi ya swala, pemphero la m'mamawa lija, isanakwane. Bambo ali ndi lezala m'manja, akudula nsonga za miswaki yathu, n'kutipatsa aliyense wake kuti atafune mpaka umere ndevu, monga ankanenera iwo. Ine ndinali womvera. Iwe unkathawira kuseri kwa diramu ya madzi, mpaka akugwire, akupane pakati pa mawondo awo, akutsuke dzino ndi dzino iwe ukulira ngati akukupha.

Ankatiuza kuti m'kamwa ndi njira imene Qur'an imadutsamo, ndipo palibe munthu wanzeru amene amalandira mlendo wolemekezeka panjira ya zinyalala. Ankatikumbutsa mawu a Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, akuti mswaki umayeretsa m'kamwa ndipo umakondweretsa Mulungu. Koma nkhani imene ankaikonda kuposa zonse ndi ija ya matenda omaliza a Mtumiki, pamene mkazi wake anamutafunira mswaki kuti ufewe, iye atafooka. Akafika pamenepo, Mayi ali kukhitchini ankakuwa kuti Bambo asayembekezere zimenezo kwa iwo, mano awo ndi odyera nzimbe, si otafunira mitengo ya anthu aulesi. Tinkaseka mpaka misozi. Masiku amenewo ndimawasowa koopsa.

Sitiroko itawagwira Bambo, iwe unali utachoka kale. Dzanja lamanja linafa, kamwa linakhota, koma ankalankhula, ndipo swala ankaswali atakhala pampando, mawu akumveka mpaka m'shopu. M'mawa uliwonse Mayi ankalowa kuchipinda ndi kapu ndi kabeseni, n'kutseka chitseko. Ine ndinkangoti akuwasukusula kumaso.

Mayi atatisiya, iwe utangobwerera kuntchito, Bambo anangoti zii. Ukawafunsa kanthu ankayankha ndi mutu. Ashehe atabwera kudzawaona, salamu anayankha ndi dzanja, nkhope atatembenuzira kukhoma. Zidzukulu zikayandikira ankaphimba pakamwa ndi kansalu. Ena anati sitiroko yabweranso, ena anati n'chisoni, ndipo tonse tinagwirizana kuti tiwasiye, chisoni chilibe mankhwala. Swala ankaswalibe, koma milomo ili chitsekere.

Mwezi watha tsaya lawo linatupa ngati aikamo ndimu. Ndinapita nawo kwa dokotala wa mano, ndipo anakana kuyasamula mpaka ine nditatuluka. Dokotalayo atandiitana anandiuza kuti bambo anuwa akulankhula bwinobwino, angomaliza kumene kumudzudzula kuti kolala ya malaya ake inasokedwa mokhota. Ine kukamwa yasa! Kenako anandiuza zosaseketsa. Nkhama zawo zadzaza mafinya, mano ena akugwedera, ndipo kwa munthu wa mtima wofooka ngati iwo, matendawo akalowa m'magazi tikhoza kuwataya. Anatipatsa mankhwala, koma anati ngati m'kamwamo simutsukidwa tsiku ndi tsiku, mankhwalawo n'kungotunga madzi ndi dengu.

Titafika kunyumba ndinatenga mkanjo wawo woyera uja kuti ndichape. M'kathumba muja ndinapezamo mswaki wouma gwa, ndevu zake zitada. Ndinatenga lezala kuti ndidule nsongayo monga anatiphunzitsira eni ake. Mlongo wanga, Bambo anakuwa. Mawu amene sindinawamve chiikireni maliro a Mayi anatuluka onse nthawi imodzi, akuti ndisadule, ndisayerekeze n'komwe.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, ndipo anandiuza zonse atayang'ana kumbali. Chiwagwirireni sitiroko, chibwano chawo sichitha kutafuna mtengo, ndipo dzanja lamanzere limanjenjemera moti amangodzibaya. Kuseri kwa chitseko kuja, Mayi ankawatafunira mswaki, n'kuwatsuka dzino ndi dzino, uku akuwanena kuti aona nkhani zawo zija zimene zawabweretsera. Mayi omwe aja a mano odyera nzimbe! Nsonga imene ndinkafuna kudulayo anaitafuna ndi iwo, m'mawa wa tsiku limene tinatengera Mayiwo kuchipatala.

Ndinalira, sindikubisira. Ndinaliranso kwambiri atandiuza chimene anakhalira chete. Akuti fungo la m'kamwa mwawo amalimva okha, ndipo sangadutsitse mawu a Mulungu m'njira yotero, kapena kupumira mdzukulu kumaso. Munthu amene anatiphunzitsa kuwerenga Fatiha, chaputala choyamba cha Qur'an, wakhala akuiwerenga mumtima ngati wakuba.

Ndinakawatenganso ashehe. Anawalangiza mofatsa kuti mswaki ndi sunna, chinthu chokondedwa koma chosakakamiza, ndipo Mulungu sasenzetsa wodwala katundu amene sangathe. Bambo anayankha kuti lamulolo akulidziwa bwino, koma manyazi sanapite ku madrasa. Ashehe anangoseka n'kupukusa mutu.

Usaganize kuti sindinayese. Ndinagwada ndi kabeseni komweko, ndikuwachonderera kuti ndiwatsuke ine. Anakana kwamtuwagalu. Akuti ndikuwaphikira, ndikuwachapira, ndikuwadzutsa pabedi, ndiye ndiwasiyireko chinthu chimodzi chimene mwana wawo wamkazi sadzachiona. Alamu ako anadzipereka, koma Bambo anati mkamwini akangowaona m'kamwa, ulemu wonse uthera pomwepo. Kaburashi ka mabatire unatumiza kaja anakayatsa kamodzi, kanalira, iwo n'kukaponya pamphasa, akuti sangalowetse mavu m'kamwa ali moyo. Pano kali m'dirowa ya mabatani.

Chimene avomera n'kuchukucha madzi a mchere ndi kumwa mapiritsi basi. Kutupa kwatsikako, koma dokotala wanena kale kuti kudzabweranso, ndipo ine ndikuopa.

Tsopano tamvera za dzulo. Ndinawakhazika m'shopu pampando wawo wa pawindo, ine ndikupinda mpendero wa diresi ya kasitomala. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana msewu. Kenako anandiitana, n'kundionetsa chala chamkombaphala cha dzanja lakufa lija. Kachipsera kako kakadalipo, paja unawaluma uli pakati pa mawondo awo mpaka magazi. Anati mwana uja anali ndi mano awiri okha kutsogolo koma ankaluma ngati galu. Anaseka, Magweru, anaseka osaphimba pakamwa.

Atatha kuseka anandifunsa ngati mano ako akadali olimba. Ndinati ndithu, si paja anawasamala okha. Iwo anafunsanso ngati ndi olimba moti n'kufewetsa mswaki. Kenako anangobwerera kuyang'ana msewu. Iwe ukuwadziwa Bambo, kupempha kwawo n'komweko, ndipo sadzabwerezanso.

Ndiye ndikukupempha, mlongo wanga, bwera. Kagwade kwa abwana ako akupatse tchuthi, chilolecho ayendetseko wina. Usatumize kanthu, katundu wa m'sitolo wakwana. Ukawatsuka iwe masiku oyamba, mwina manyazi adzathyoka, ndipo ukamabwerera adzalola dzanja langa. Ndikufuna ndimvenso mawu awo akuwerenga m'mawa, ine ndikutsegula shopu. Ndikufuna ana anga awamve, chifukwa wamng'onoyu akuyesa kuti agogo ake anabadwa osalankhula.

Mswaki wa Mayi ndaukulunga m'kansalu koyera, uli m'kathumba ka mkanjo wa Bambo, ndipo palibe adzaukhudze. Iwe ndakusokera mkanjo watsopano pa makina omwe aja. Muyezo ndangoyerekeza, ndawonjezera pamimba chifukwa zithunzi zako sizinama. Kathumba ndaikapo, ndipo muli kale mswaki wauwisi, wosasenda, wosatafuna.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze andikhululukire powalanda mwamuna kwa kanthawi. Ana uwapsompsone, ndipo uwayang'ane m'kamwa usananyamuke, chifukwa agogo awo adzakufunsa. Alamu ako, ana, ashehe ndi wogulitsa nyama uja onse akuti moni. Mulungu akusunge pamsewu, akufewetsere mtima wa abwana ako, ndipo Mayi awaunikire m'manda mwawo.

Bambo akuti ndikuchenjeze kuti nawonso akhoza kukuluma. Funso lawo lija usayankhe pa foni. Bwera nawo manowo adzawaone okha.

Ndine mlongo wako wamkulu,
telala wa pa makina a Bambo