Mpira Wokhota wa Dauri

Lolemba, 6 Novembala, cha m'ma 2 koloko masana

Magetsi athima, wailesi yakhala chete, nyemba zili pamoto. Ndati ndikhale pansi ndilembe, poti ndikauza Minerva wa kuseri kwa mpandayu andidula pakamwa ngati masiku onse.

Lero ndapita kubwalo la pelota, mpira uja woponya ndi dzanja wina n'kumaumenya ndi chibonga. Ine! Zaka zonsezi ntchito yanga yakhala kuchapa mathalauza a Dauri, mdzukulu wangayu, uku ndikutukwana munthu amene anaganiza zoti anyamata azigubuduka m'dothi lofiira atavala zoyera. Kukaonerera ayi. Koma m'mawa a Nicanor, amene amaphunzitsa anawa, anaima pageti, ati kukubwera kazitape, wosaka anyamata aluso, wa timu ya ku America kudzaona oponya mpira. "Mayi Eufemia, bwerani, mwana aone nkhope yakwawo." Ndinati nkhope yangayi ingomuopseza. Komabe ndinavala diresi la kutchalitchi.

Kazitapeyo ndimayesa mzungu wa magalasi akuda. Ayi ndithu. Kamdala kakuda ngati ine, kouma ngati nzimbe yotafuna kale, dzina a Leoncio, kwawo ku Baní. Anakhala kuseri kwa waya, m'manja kachipangizo konga choumitsira tsitsi cha ku saluni. Ati kamayeza liwiro la mpira.

Anaponya anyamata ena, mdalayo n'kumayasamula. Kenako Dauri anakwera pakachitunda.

Sindikudziwa ndilembe bwanji. Mwana amene amaswa makapu m'nyumba muno, amene miyendo yake imakola mipando, anakweza bondo mpaka pachibwano n'kuima ngati kakowa. Kenako thupi lonse linamasuka kamodzi. Mpirawo sindinauone. Ndinangomva phaa! m'golovesi ya wowakha, ngati thabwa lagwa pasimenti. Agalu a kuseri kwa bwalo anayamba kuuwa. A Leoncio anayang'ana kachipangizo kawo, anakagogoda ndi chala, n'kuyang'ananso. Atatchula nambala yake chapansipansi, azibambo onse pawayapo anangoti "Eee!"

Ine ndamulera ndi nthochi zosinja ndi mazira basi. Moto umenewu wachokera kuti?

Lachiwiri, 7 Novembala

Dauri akwanitsa zaka seventini mu Febuluwale. Kuno ku Consuelo woponya wa seventini amamuyesa nkhalamba, akazitape amamudutsa ngati mango ogwa pansi. Akapanda kumutenga tsopano, ndiye kuti apita kukasoka makolala kufakitale ya malaya ku San Pedro, amalume ake anamupezera kale malo. Dzana ndimati zili bwino, makolala saphula munthu phewa. Lero ndayang'ana zala zake akusenda lalanje, ndalephera kuziona pamakina.

Minerva pampanda: "Ndamva ati mwana wanu waliza agalu. Mawa akumana ndi Franyel wanga, tione ngati chibonga chimauwa." Franyel ndi mdzukulu wake, womenya mpira ndi chibonga, khosi ngati la ng'ombe yokoka ngolo.

Ndinamuuza kuti akatsuke mano ake apulasitiki.

Lachitatu, 8 Novembala

Lero a Leoncio amafuna kumuona akuponyera anthu enieni ogwira chibonga. Ndinakhala pabenchi pafupi nawo, ndinawatengera khofi m'botolo, osati kuwanyengerera, kungoti mdala wake amaoneka ngati agwa.

Dauri ali ndi mipira iwiri, kunena maponyedwe ake. Wina ndi wamoto uja, wolunjika. Winawo ndi wokhota, umabwera pang'onopang'ono n'kupinda panjira. Womenya sayenera kudziwa ukubwera uti, ndipo akaphonya katatu, kapena kuusiya wabwino ukudutsa, watuluka. Izi ndaphunzira lero, ndakalamba.

Wamoto uja palibe anaukhudza. Anyamata amazungulira ndi chibonga mpira uli kale m'golovesi. Wina mpaka chisoti chinagwa. Mtima wanga unali ngati ng'oma ya pa chikondwerero.

Koma wokhota! Woyamba anaumenya. Wachiwiri anaumenya. Franyel ndiye anauyembekeza ngati basi, n'kuutumiza m'munda wa nzimbe. Ana anathamangira kukaufuna. Minerva anavina, ndi mawondo akewo.

Atatha, a Leoncio anatiitana, ine, Dauri ndi a Nicanor. Anamugwira mwana phewa, anamutambasula mkono, anayeza chikhatho chake ndi chawo ngati akugula nsomba. Ati miyendo ndi yabwino, msana ndi wautali, atalikabe, ndipo mkono umatuluka mofewa, sakankha ndi mphamvu. "Mkono wotere, mayi, ndimauona kamodzi pa zaka zambiri. Wokhotawonso si woipa, umapinda mochedwa, ndiye wabwinowo. Koma mwana wanuyu amalengeza."

Ndinati amalengeza chiyani, ndi wailesi?

"Iwe mnyamata, usanaponye wokhota umatani?"

Dauri: "Palibe, bwana."

"Umatulutsa mendulo m'malaya n'kuipsompsona. Pa wamoto sutero. Womenya aliyense m'tauni muno akudziwa, ndi agogo awo omwe."

A Nicanor anagwira pamutu. Ati amayesa mwana amangopemphera, ndani amawerenga mapemphero a mnzake?

Mendulo imeneyo ndi ya Amayi Maria, ndinakaitenga ndekha ku Higüey, ndinamuveka ali khanda. Ndinamuphunzitsa kuti ukachita mantha uziipsompsona. Ndipo wokhotawo amauopa, chifukwa chaka chatha unamupulumuka n'kumenya mwana wina patsaya.

A Leoncio ati abweranso Loweruka. "Ndikapeza akulengezabe, ndipitirira ku La Romana, kuli wamanzere wina akundidikira. Kumtunda kuja, kumatimu akuluakulu, amenya wolengeza mpaka abwerere kwawo akulira. Sindingamutumize kokaphedwa."

Anamwa khofi wanga yense asananene zimenezo.

Lachinayi, 9 Novembala

Nkhondo. A Nicanor abwera m'mawa, ati mendulo ivulidwe. Ndinati muvule kaye mimba yanuyo. Amayi Maria asanduka kazitape wa Minerva liti?

"Mayi Eufemia, si zachipembedzo izi."

"Chilichonse chili pakhosi pa mdzukulu wanga n'chachipembedzo."

Dauri anangoivula yekha n'kuiika m'manja mwanga, osandiyang'ana. Inali yofunda.

Ndinawatsatira kubwalo. Zoipa kuposa dzulo. Dzanja limapitabe pachifuwa lokha, kufufuza chinthu kulibe, ndiye aliyense amaonabe. A Nicanor akakuwa kuti manja pansi, mwana amauma thupi lonse. Wokhota wina unagunda pansi, wina unadumpha waya n'kugwera m'chiwaya cha mayi wogulitsa zitumbuwa, mafuta mpaka pamalaya a wapolisi amene amadya pamenepo ulere. Ngakhale wamoto uja unazilala. Agalu anagona.

Tinabwerera kunyumba. Wadya theka la mbale. Dauri, theka!

Lachisanu, 10 Novembala

Dauri sanapite kubwalo. Wakhala pansi pa mtengo wa mapeyala tsiku lonse, mpira m'manja, kuutembenuzatembenuza. Madzulo ndikusankha mpunga anabwera n'kukhala pasitepe.

"Agogo, Amayi Maria amakwiya msanga?"

Ndinati mayi amene mwana wake anasowa pa ulendo, n'kukamupeza akutsutsana ndi akuluakulu m'kachisi, koma osamukoka khutu, ameneyo sakwiya msanga. Ine ndikanamukoka.

Anaseka pang'ono. "Ndiye ndipatseni mendulo yanga."

Ndinamupatsa. Ndinafuna kufunsa, koma nkhope yake inali ya munthu wamkulu, ndinachita manyazi.

Loweruka, 11 Novembala

 

Tauni yonse inabwera. Akabaza anasiya makasitomala, wometa anatseka shopu, ana ali pamwamba pa khoma ngati njiwa. A Leoncio pamalo awo, kachipangizo m'manja. Khofi sindinawatengere.

A Nicanor ataona tcheni pakhosi pa Dauri anandiyang'ana ngati ndaba mbuzi. Ndinawayang'ananso mpaka anatembenuka.

Woyamba kugwira chibonga, Franyel. Wamoto, waphonya. Wamoto wina, waukhudza pang'ono n'kupita kumbali, awerenga ngati waphonya. Watsala umodzi.

Ndiye Dauri anaima. Analowetsa dzanja m'malaya pang'onopang'ono, anatulutsa mendulo, dzuwa linawala pa iyo, anaipsompsona. Bwalo lonse linabuula. A Nicanor anakhala pansi m'dothi. Ine ndinati basi, makolala. Minerva anaimirira pabenchi n'kukuwa: "Wokhota uwo, Franyel! Udikire, mwanangu, udikire!"

Franyel anadikira.

Unabwera wamoto. Woposa wa Lolemba, ndikulumbira. Phokoso lake linabwerera kuchokera kukhoma la mphero ya shuga. Franyel chibonga chili paphewa, pakamwa pululu, wowakha akukupiza dzanja ndi ululu. Watuluka ataima ngati chipilala.

 Kenako wometa anakuwa: "Wanamiza ndi Amayi Maria! Mwana uyu!" Bwalo linaphulika.

Ine sindinadziwe ndiombe m'manja kapena ndigwade.

Wotsatira anabwera akuyang'ana pachifuwa cha Dauri m'malo moyang'ana mpira. Dauri sanakhudze mendulo. Mnyamatayo anakonzekera wamoto. Ndipo apa ndi pomwe ndinaona wokhota weniweni, ndi maso angawa, koyamba. Unanyamuka ngati ukupita kumutu, mnyamata anabweza khosi, ndiye mpira unasintha maganizo m'malere, unapinda ngati mleme n'kutsikira pamawondo, pakati penipeni. Chinthu chopanda mapiko! Ndaonapo mphepo yamkuntho ikunyamula denga la tchalitchi, ndaonapo mwana akubadwa m'ngolo ya nzimbe, koma izi zinandiimitsa tsitsi. Zala zomwe zija zosenda lalanje.

Kuyambira pamenepo palibe anadziwa kanthu. Pena apsompsona, pena ayi. Pena wamoto, pena wokhota. Wokhota umodzi unamupulumuka n'kupita pamwamba, wina anaumenya ndithu mpaka kumpanda, koma Dauri sanagwetse mutu, anangopempha mpira wina. Franyel atabweranso anatuluka kachiwiri, anaponya chibonga pansi n'kunena, "Iwe Dauri, ukalape!"

Dauri: "Ndikalapa ukaphunzira kumenya."

Ndinasuzumira a Leoncio. Kachipangizo kaja anali atakaika pansi pa mpando. Amangoonerera, dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinati, "Bambo, mwasiya kuyeza?" Ati, "Mkono ndinayeza Lolemba, mayi. Lero ndimafuna kuona ngati muli munthu m'menemo."

Ndinati nanga mwamupeza?  Anakwera galimoto lawo lakutha n'kumapita. Kulowera ku La Romana kapena ayi, sindinaone, fumbi linachuluka.

Minerva sanabwere pampanda.

Lamulungu, 12 Novembala

Dauri ndamukokera ku Misa yoyamba. Iye ati sanalakwe, ati ulendo uliwonse amapsompsona amapempheradi, kungoti samanena kuti akupempherera mpira uti. Ndinapita ndekha kwa bambo mfumu kukafotokoza. Anamvetsera mwaulemu, n'kufunsa kuti Franyel anatuluka kangati. Ansembe a masiku ano!

Ndinayatsabe kandulo. Ndinawauza Amayi kuti ngati pali mlandu, ndi mwana, asamusungire. Pachithunzipo samaoneka okwiya.

Foni sinalire. Galimoto lililonse likadutsa Dauri amanamizira kukataya madzi panja. Maluwa anga amira.

Lolemba, 13 Novembala

A Leoncio abwera. Andipeza ndili ndi zopiringira tsitsi m'mutu, ndikukolopa, diresi lakung'ambika kukhwapa. Mdala wopanda nthawi. Anavula chipewa pageti n'kudikira kuti ndiwalowetse.

Anakhala pampando wa malemu amuna anga, a Nicanor ataima pakhomo ngati mlonda. Sanakometse mawu. Ati timu ikumufuna, apite kusukulu yawo ya mpira ku Boca Chica, azigona komweko, azidya komweko, aphunzire Chingelezi ndi mpira wachitatu, poti iwiri sikwanira. Ati phewa likufunika mnofu, asanyamulenso migolo ya madzi, asagendenso mango. "Ndisakunamizeni, mayi. Anyamata amene ndawatenga ndi ambiri, ofika pamwamba penipeni ndi ochepa. Ena mkono umaduka, ena mutu. Uyu sindikulonjeza. Koma ndikadzakalamba zenizeni ndikufuna kudzanena kuti ndinamuona ndine."

Ndinati mwakalamba kale zenizeni. Anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako anatembenukira kwa Dauri. "Zija unachita Loweruka, anakuuza ndani?"

"Palibe, bwana. Ndinangoona kuti onse amandikhulupirira."

Ati chabwino, koma kumtunda kuja bodza limodzi siligwira kawiri, akonze ena.

Anati mawu otsiriza ndi anga, poti mwana sanakwane zaka. Onse atatu anandiyang'ana. Ndinafunsa ngati kumeneko amaphika nyemba ndi adyo, ndinafunsa amene amachapa, ndinafunsa ngati kuli tchalitchi. Mafunso atandithera ndinangoti mutengeni.

Mwanayu akunyamuka Lachitatu. Alendo atapita Dauri anabwera kukhitchini, anapinda manja monga amachitira m'mawa uliwonse kuyambira akuphunzira kulankhula. "Agogo, ndidalitseni."

Ndinakweza dzanja kuti ndimusanjike pamutu. Silinafike. Anawerama, silinafikebe bwino. Ndinachita kukoka kampando kopalira kokonati n'kukwerapo, iye atandigwira m'chiuno kuti ndisagwe.