Chidole cha diresi ya buluu

Lolemba, 3 Juni

Zidole ziwiri zatha, mwamuna ndi mkazi. A Christopher, mkulu wa gulu la zisudzo, akuti ndili ndi manja odala. Mulungu alemekezeke, msana wokha ndi umene ukudandaula. Chachikazicho ndachisokera kadiresi ndi zidutswa za pansi pa mashini, buluu wa madontho achikasu. Chatchena kuposa telala wake.

Loweruka, 8 Juni

Sewero pamsika wa Lifuwu. Anthu odzaza, ena mankhusu a mpunga akadali m'mutu. Chidole chachimuna kumenya mkazi ndi mthiko, phwa! phwa! Amati aphunzitse za nkhanza m'banja, koma anthu kuseka mpaka misozi. "Onjezera!" Nanenso ndinaseka, ndisaname.

Kenaka wina kumbuyo: "Si Triza uyo?" Mitu yonse kutembenuka.

Triza wogulitsa usipa anali pomwepo, m'diresi ya nsalu yomweyo, imene ndinamusokera pa Isitala. Pambali pake a Lameck, amuna ake. Tonse timadziwa zochitika m'nyumba mwawo. Anamukoka pamkono n'kumapita.

Ndapalamula ine Stella, ndi manja omwe aja otamidwa.

Lamulungu, 9 Juni

Triza sanabwere kutchalitchi. Akuti a Lameck akuganiza kuti Triza ndiye anawaneneza kwa azisudzo. Ulaliki sindinaumve. Ambuye, musamutaye.

Lolemba, 10 Juni

Ndinapitako bamboyo ali kunyanja. Diso lotupa, mlomo wong'ambika. Ndinagwada kupepesa. Iye: "Dzukani mayi. Zaka zisanu ndakhala ndikukuwa, palibe anamva. Chidole chakuwa kamodzi, msika wonse wamva." Ndinalira ine m'malo moti alire mwiniwake. Manyazi bwanji.

Lachitatu, 12 Juni

Mayi Karima, oyandikana nyumba ndi Triza, aja amakuwa kwambiri kuti onjezera, akuti chakudya sichikutsika. Asonkhanitsa amayi asanu. Mpunga wawo akukapetera pakhonde pa Triza, mosinthana, m'mawa mpaka madzulo, ndipo awiri akugona konko. A Lameck anafika, kuona malichero, n'kubwerera. Amuna a ukali m'nyumba, pagulu ngati nkhuku yonyowa! Alhamdulillah, anatero Mayi Karima. Ine ndinati ameni.

Lachisanu, 14 Juni

Alongo ake a Triza abwera kuchokera kwa Maganga ndi njinga ziwiri. Triza wapita, ndi ana onse, ndi mabeseni ake. Wamoyo. Anandibayibitsa mpaka pokhota. Zikomo Ambuye, kupusa kwanga mwakusandutsa chipulumutso cha munthu. Ndaimba tsiku lonse pamashini, singano osathyoka ngakhale imodzi.

Loweruka, 15 Juni

Masana kunabwera alamu anga, akazi a achimwene anga enieni. Mayi osekaseka aja, a kwaya. Sanakhale pansi. Anaika kachidutswa ka chitenje chawo pamashini.

"Mukamasoka chidole china, muchiveke aka."

Achimwene anga. Amene anandigulira mashini ano.