Mwana wa Dalaivala Wasankha Njanji

Lolemba, 3 Julayi

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri silinaoneke tsiku lonse. Maulendo a ku Limbe awiri okha, anthu ochepa, aliyense atadzikuta ndi chitenje. Giya yachitatu yayambanso kulira. Mwini minibasi ati tione mwezi ukatha.

Pa siteji pa Chitakale nkhani inali ya pa wailesi. Akuti boma likufuna katundu wolemera achoke pamsewu apite panjanji, sitima zizifika ku madoko a Nacala ndi Beira, mabwalo a ndege nawo akonzedwe. Morris, dalaivala mnzanga amene amaima kumbuyo kwanga pamzere, anasangalala ngati amupatsa unduna. Ine ndinamuuza kuti nyimbo imeneyi ndinayamba kuimva ndisanamere ndevu. Ndikadzera ku Thyolo, njanji ya pa Luchenza ndimaidumpha mbuzi zitagonapo. Oitanira onse anaseka. Ndinapambana ndine.

Kunyumba nandolo watsopano ndi chinangwa. Mtima m'malo. Mwana wanga Claudia yekha chete, maso pa foni. Ndikuganiza kuti ndi mnyamata.

Lachinayi, 6 Julayi

Si mnyamata. Ndi sitima.

Wandiuza tili pansi pa minibasi, tikusintha mabuleki. Manja ake akuda bii ngati anga. Anafunsira ntchito ku kampani ya sitima kale, intavyu anakachita tsiku lija anati akukagula nsapato ku Limbe. Amutenga. Akaphunzire kuyendetsa sitima. Poyamba ku Limbe, kenako miyezi ingapo ku Nacala, ku Mozambique.

Sipanala inandigwera pachifuwa. Ndinaseka mpaka misozi.

Mwana ameneyu anamaliza kosi ya umakaniki zaka ziwiri zapitazo. Ku magalaja konse ankangomuyang'ana ndi kumufunsa ngati amadziwa kuphika tiyi. Wakhala akugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, dzuwa ndi mvula. Lero ndi uyu.

Kenako anati, “Ababa, amayi mukawauze ndinu.” Kuseka kunathera pomwepo.

Lamulungu, 9 Julayi

Ndinadikira titaweruka ku tchalitchi, titadya. Ndinayambira kutali, za ulova, za atsikana a masiku ano. Mkazi wanga Gertrudes anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndinene chimene ndikufuna kunena. Ndinanena.

Sanakalipe. Anatenga dengu, ulendo kumunda. Pobwera nandolo wodzaza, maso ofiira. Mawu ake onse a lero: “Njanji inatenga kale munthu m'nyumba mwathu. Sinabweze.”

Nkhaniyo ndimaidziwa, ngakhale saikamba. Bambo ake, a Simeoni, ankagwira ntchito yokonza njanji ku Cuamba, ku Mozambique. Ankabwera kumudzi kamodzikamodzi ndi shuga ndi sopo. Nkhondo itafika, njira zinatsekeka. Gertrudes ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anathawa ndi amayi ake wapansi mpaka pa boda ya Muloza. Bambowo sanamvekenso. Apongozi anga anamwalira kuno akufunsabe aliyense wochokera kutsidya. Amayi onse a m'mudzi muno amakagula zitenje ndi nsomba zouma ku Milange, kungowoloka boda. Gertrudes sanapondeko, amachita kutuma anzake.

Claudia anatsuka mbale zonse, ndi zoyera zomwe.

Lachitatu, 12 Julayi

Dizilo kulibe. Tsiku lonse pamzere pa filingi. Ndalama ya bwana sinapezeke, yanga osanena. Komabe tsiku silinaipe. Bawo pansi pa mtengo, mbatata yootcha, dzuwa linatuluka masana phiri lonse n'kuonekera mbee.

Nkhani yafika kale pa siteji, sindikudziwa wanena ndani. Morris anaima pa chitseko cha minibasi yake ngati mlaliki, kulengeza kuti mdani wa sitima wabereka dalaivala wa sitima. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti sitima si masewera, mwana wanga azikoka mabogi amene mzere wake ungachoke pa filingi mpaka pa msika. Anaseka kuposa tsiku lija.

Mkulu wina woyendetsa thanki anali nafe pa bawo. Anati mafuta amene iye ndi anzake ambiri amavutika nawo m'misewu ndi m'maboda, sitima imodzi imabweretsa ulendo umodzi. Anati boma likachitadi zimene likunenazi, iye adzapuma n'kukalima. Sanaoneke wodandaula.

Ndaganiza: mwina tsiku lina dizilo wa minibasi ino adzabwera naye ndi Claudia. Sindinauze munthu.

Loweruka, 15 Julayi

Hayala. Kukatenga alendo pa bwalo la ndege ku Chileka, okakwera phiri ku Likhubula. Ndinatenga Claudia chifukwa cha chizungu. Ndege inachedwa, tinakhala pa udzu tikudya nthochi. Itatera anandifotokozera mmene mabuleki ake amagwirira. Ndinangovomera ngati ndikumva.

Alendowo anati akwera ndege zitatu kuti afike kuno, kwina anagona pa benchi. Mmodzi anati kukanakhala njira yachidule, anzawo ambiri akanabwera. Anyamata onyamula katundu ku Likhubula anatithamangira tisanaime n'komwe. Alendo anayi, anyamata ambirimbiri.

Pobwerera tili awiri, Claudia ananena kuti sapita amake asanavomere ndi pakamwa pawo. Kampani ikufuna yankho mwezi uno usanathe. Ndinamuuza kuti mwayi woterewu subwera kawiri. Anati akudziwa. Anayang'ana minda ya tiyi mpaka tinafika.

Ndalama ya hayala yabwino. Ndagula nyama. Yadyedwa mwakachetechete.

Lachiwiri, 18 Julayi

M'nyumba ulemu wachuluka. Zikomo apa, pepani apo. Bola mkangano.

Ndinayesanso. Ndinati nkhondo inatha kalekale, anthu akupita ndi kubwera tsiku lililonse. Gertrudes anati, “Inu simunathawepo.”

Zoona. Agogo anga anachokera kutsidya komweko, koma anabwera kudzathyola tiyi, kale azungu akadalipo. Ine ndinabadwira mu esiteti. Chilomwe changa ndi cha moni ndi chotukwanira mbuzi. 

Lachisanu, 28 Julayi

Sindinalembe masiku onsewa. Panalibe cholemba.

Lero ndikutuluka, ndinapeza Gertrudes wavala chitenje cha ku tchalitchi, ataima pafupi ndi minibasi. Anati akufuna akaone malo a sitimawo ndi maso ake. Anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo. Pa Thuchila ndinafuna kumugulira nzimbe, anakana.

Nditatsitsa anthu ku Limbe ndinamuperekeza ku siteshoni. Mlonda anatilola kuima pa mpanda. Injini imodzi inali ikulira, nthaka kunjenjemera. Gertrudes anagwira waya ndi manja onse. Patapita nthawi kunatulukira mayi wina wa ovolosi, dzina lake Sheila, wogwira ntchito pa mainjini pomwepo. Gertrudes anamuitana ngati mwana wake. Anamufunsa ngati amake amagona tulo iye akakhala pa ulendo. Sheila anaseka, anati poyamba sankagona, tsopano amangomutuma mchere ndi mpunga wa kumene akupita. Anacheza nthawi yaitali. Ine ndinapita kukaona matayala, amene analibe vuto.

Tikubwerera ku siteji Gertrudes anandiuza kuti fungo la pamenepo, la oilo ndi chitsulo chotentha, ndi limene linkamveka pa malaya a bambo ake. Anati anali ataliiwala. Kenako analowa mu shopu ya mmwenye n'kutuluka ndi sutikesi. Mtengo sindinafunse, ndaopa.

Kunyumba anaika sutikesiyo pa mphasa pamaso pa Claudia. “Upite. Koma tsiku lowoloka ndikakuperekeza ndekha mpaka pa boda.”

Claudia anagwada n'kulira. Ine ndinatuluka kukatsekera nkhuku, dzuwa likadalipo.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Claudia ali ku Limbe sabata yachiwiri. Ndasanduka mtengatenga. Lero chigumu ndi nandolo wophika, dzana juzi. Ndimamupatsira pa geti, amabwera atavala ovolosi yaikulu, nsapato zolemera, chipewa cholimba. Ndimachedwa dala kunyamuka kuti anthu a mu minibasi amuone.

Wandikalipira. Akuti sitima yodzaza ikagwira mabuleki imakaima kutali, ndiye ndisiye chizolowezi chodumpha njanji osaima. Ndinati ndinayamba kuyendetsa iye asanabadwe. Anati n'chifukwa chake akundiuza.

Pa Luchenza ndinaima, kuyang'ana uku ndi uku. Kunalibe kanthu. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati mafuta atha.

Giya akonza. Morris akuti mwana wake wamkazi akufunsa kuti Claudia anaphunzira maphunziro ati. Ndamuuza kuti abwere kunyumba mwaulemu.

Lachitatu, 13 Sepitembala

Anyamuka. Ophunzira onse awakweza sitima kuti aione njira imene azidzayendamo. Gertrudes wagula tikiti yake. Akatsikira ku Nayuchi, pa boda, n'kubwerera ndi sitima yomweyo. Mapepala owolokera anakatenga sabata yatha osandiuza, akuti kungoti akhale nawo.

Claudia anandikumbatira pa anthu. Ndinamupatsa sipanala yanga yakale ija. Anati sitima ilibe nati yaing'ono chotero, koma anaiika m'thumba.

Gertrudes pawindo, nkhope yolimba ngati akupita ku opaleshoni. Sitima itayamba kuyenda ndinayenda nayo pang'ono, kenako ndinachita manyazi.

Nyumba yakula. Ndaphika ndekha, ndapsereza.

Lachisanu, 15 Sepitembala

Foni masana, ndili pa Nkando. Ndinaimika galimoto pambali.

Afika bwino ku Nayuchi. Claudia wawoloka ndi anzake. Gertrudes naye wawoloka. Akuti anangoona miyendo ikutsatira mwana. Kutsidya anapeza amayi ogulitsa mtedza akulankhula Chilomwe cha kwawo chenicheni, cha amake. Anagula mtedza wosaufuna kuti azingomva. Mkulu wina amene anagwirapo ntchito panjanji anamuuza kuti a Simeoni anali ambiri, iye sangadziwe, koma ku Cuamba okalamba a njanji akadalipo, onse amadziwana.

Mawu ake pa foni ngati a mtsikana. Chichewa ndi Chilomwe kusakaniza. Anati ndisamudikire mawa.

Ndinafunsa ngati ndalama zikwana. Anati ndisadandaule, koma ndikumbukire kuthirira mpiru.

Lolemba, 18 Sepitembala

Palibe foni. Ya Claudia yokha: wafika ku Nacala, waona nyanja yopanda tsidya, madzi ndi amcheredi, analawa. Amake anawasiya ku Cuamba kwa mayi wina wa mpingo.

Mpiru ndathirira. Nkhuku imodzi sikuoneka.

Ndagwira ntchito bwino, anthu ambiri, dizilo alipo. Koma foni ikangolira phazi limachoka lokha pa moto.

Lachinayi, 21 Sepitembala

Gertrudes waimba m'mawa ndikutsuka galimoto.

Anayenda khomo ndi khomo, wokalamba uyu kumutumiza kwa uyo. Dzulo anafika. A Simeoni anamwalira kale, koma osati pa nkhondo. Anakhala ndi moyo zaka zambiri mtendere utabwera. Anafunafuna mkazi wawo ndi mwana m'misasa ya othawa nkhondo ya ku Machinga ndi ku Mangochi, kumene anthu a ku Cuamba ankathawira. Za ku Mulanje sanaganize. Wina anawauza kuti mudzi wonse unatha. Anakwatiranso, anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Anamutcha Gertrudes.

Ndinangokhala pa chidebe.

Manda wawaona. Wasesapo, wapemphera, wawauza kumene amake anagona. Akuti sanalire kwambiri, wolira anali mng'ono wakeyo, amene anakula akumva kuti dzina lake ndi la mkulu wake amene anafa. Akuti mng'onoyo ali ndi mpata wa m'mano ngati wa Claudia.

 Ndinamuuza za nkhuku yosowa. Anaseka, anati imaikira mazira kuseri kwa bafa, ndikayang'ane.

Akubwera Lamulungu, onse awiri, pa msewu wodzera ku Milange. Ndikawatenge pa Muloza. Bwana avomera galimoto, dizilo wanga. Ndibwereke matiresi kwa Morris, ndigule shuga, ndisese m'chipinda cha Claudia. Mlamu akuti Chichewa sadziwa, ndiye Chilomwe changa cha mbuzi chija chigwire ntchito.

Mipando iwiri yakutsogolo sindikwezapo munthu. Chimene sindikudziwa n'chakuti pa boda paja, ndikakaitana dzina, atembenuke ndani.